Khofi wodontheza ndi khofi wonyika: zomwe madzi amachita mu ufa

Njere ya khofi ikakazingidwa n'kuperedwa, mbali yake yaikulu sisungunuka m'madzi ngakhale mutaiwiritsa tsiku lonse. Zomwe madzi angathe kuchotsamo ndi pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse a kulemera kwake, ndipo si zonse zokoma. Zina n'zowawasa, zina n'zotsekemera pang'ono, zina n'zonunkhira, zina n'zowawa zoumitsa lilime. Sizitulukanso nthawi imodzi. Zowawasa zimafulumira, zotsekemera zimatsatira, zowawa kwambiri zimabwera pambuyo. Choncho aliyense wopanga khofi, kaya ali ndi chipangizo chodula cha ku Japan kaya ali ndi poto ndi sefa ya tiyi basi, vuto lake ndi limodzi: madziwa achotse zochuluka bwanji, asiye zochuluka bwanji m'masese?

M'zaka za m'ma 1950, wasayansi wa ku yunivesite ya MIT ku America, E. E. Lockhart, adafufuza nkhaniyi n'kuika manambala omwe akatswiri akuwagwiritsabe ntchito mpaka lero. Khofi amakomera anthu ambiri madzi akachotsa magawo 18 mpaka 22 pa 100 alionse a ufa. Kuchepera apo amawawasa ndipo sakolera, kupitirira apo amayamba kuwawa. Alipo akatswiri amene amadumpha malirewa dala, koma manambalawa akutionetsa kuti pakati pa kupereweza ndi kupyoza muyeso pali kampata kakang'ono.

Apa anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Mphamvu ya khofi ndi nkhani ina, kachotsedwe ka zokoma mu ufa ndi nkhani inanso. Mphamvu imadalira kuchuluka kwa ufa poyerekeza ndi madzi, ndipo m'kapu ya khofi wosefa wamba zoposa magawo 98 pa 100 ndi madzi okhaokha. Mukhoza kupanga khofi wamphamvu koma wowawasa, ngati mwathira ufa wambiri wokhakhala n'kuutsanula msanga. Mukhozanso kupanga wamadzimadzi koma wowawa, ngati ufa ndi wochepa, wosalala, ndipo madzi ambiri aukamula mpaka kutheratu. Munthu akamati khofi wachepa mphamvu n'kumusiya pamoto kuti abwate, chomwe akuwonjezera ndi kuwawa. Chimene chimafunika ndi kuwonjezera ufa.

Njira zopangira khofi panyumba zilipo zambirimbiri, koma pafupifupi zonse zimagwera m'magulu awiri. M'gulu loyamba madzi amadutsa mu ufa n'kudonthera kunsi. M'gulu lachiwiri ufa umanyikidwa m'madzi, ziwirizi n'kukhalira limodzi mpaka nthawi itakwana, kenako n'kuzilekanitsa.

Amene adaonapo agogo akucheza chidulo, njira yoyambayi akuidziwa kale. Phulusa lili m'chitini choboola kunsi, madzi akuthiridwa pamwamba, ndipo madontho oyamba amatuluka akuda, aukali, pomwe omaliza amatuluka oyera opanda mphamvu. Khofi wodontheza amayenda chimodzimodzi. Madzi opanda kanthu amasungunula zinthu msanga kuposa madzi omwe asenza kale, ndiye popeza mukuthira madzi atsopano nthawi ndi nthawi, ufa supuma: ukungochotsedwa zinthu mpaka mutaleka kuthira. N'chifukwa chake njirayi imatulutsa zambiri mu ufa wochepa, komanso n'chifukwa chake palibe chomwe chimaiimitsa yokha. Woimitsa ndinu.

Kusefa khofi ndi pepala kudayamba ku Dresden, ku Germany, m'chaka cha 1908. Mayi wina, Melitta Bentz, atatopa ndi masese m'kapu komanso kuchapa nsalu zosefera, adaboola timabowo pansi pa kapoto ka mkuwa n'kuyalamo pepala lopukutira inki la m'kope la mwana wake. Kampani yotchedwa ndi dzina lake ilipobe. Mu 1941 wasayansi wina wa ku Germany yemwe ankakhala ku New York, Peter Schlumbohm, adapanga Chemex, botolo lagalasi lopapatiza m'chiuno lomwe limagwiritsa ntchito pepala lochindikala kwambiri. Chomwe chafala masiku ano ndi V60 ya kampani ya Hario ya ku Japan: fanulo yopendekeka madigiri 60, yokhala ndi mizere yozungulira m'kati ndi bowo limodzi lalikulu kunsi. Fanulo ina, Kalita Wave, ndi yaphwatalala pansi, ili ndi timabowo titatu. Kusiyana kwa maonekedweku kuli ndi ntchito. Bowo lalikulu la V60 silichedwetsa madzi, ndiye liwiro lonse limadalira kaperedwe ka ufa ndi kathiridwe kanu, pomwe timabowo ta Kalita timagwira madzi pang'ono n'kubisa zolakwa zina za dzanja.

Vuto lalikulu la khofi wodontheza sililembedwa pabokosi. Madzi salimbana ndi polimba, amatsata pofewa. Ufa ukaunjikana mbali imodzi, kapena mukathira mwamphamvu malo amodzi, madzi amadzikumbira kanjira n'kumadutsa momwemo. Ufa wa m'mbali mwa kanjirako umakamulidwa mopyoza, wakutali nako sunakhudzidwe bwino. M'kapu imodzi mumapeza kuwawa ndi kuwawasa pamodzi, ndipo wopangayo amasowa pogwira, chifukwa akapera mosalala kuwawa kumakula, akapera mokhakhala kuwawasa kumakula. Palinso tifumbi tosalala kwambiri tomwe chigayo chilichonse chimatulutsa. Timeneti timatsika ndi madzi n'kukatseka timibowo ta pepala, madzi n'kuima. Khofi yemwe amayenera kutha m'mphindi zitatu amatenga zisanu ndi imodzi, ndipo amatuluka woumitsa lilime.

Ketulo ya khosi lalitali lopindika yomwe mumaiona m'malo omwera khofi idapangidwira vuto limeneli, kuti madzi azitsika pang'onopang'ono pamalo omwe mukufuna. Ndi yothandiza, koma kwa ine si yoyamba kugula.

Kunyika kumayenda mosiyana. Madzi onse amakumana ndi ufa wonse nthawi imodzi. Poyamba amasungunula msanga, koma akamadzaza liwiro limatsika lokha, ndipo madzi nawo akuzizira. Pakatha mphindi zinayi kapena zisanu zochitika zimakhala zochepa. Kuwonjezera mphindi ziwiri pamenepo sikuononga khofi monga mmene kuwonjezera madzi kumaonongera khofi wodontheza. Tinjira ta madzi palibe, chifukwa madzi sakupita kulikonse. Kathiridwe kanu kalibe ntchito kwenikweni bola ufa wonse wanyowa. Si mwangozi kuti akatswiri olawa khofi asanamugule kwa alimi amagwiritsa ntchito njira imeneyi: magalamu 8.25 a ufa m'kambale, mamililita 150 a madzi otentha, kudikira mphindi zinayi, n'kuswa chikhungu cha ufa choyandama pamwamba ndi supuni. Amafuna njira yomwe dzanja la wopanga silingasinthe kukoma kwa khofiyo.

Chipangizo chodziwika cha gululi ndi French press, yomwe ku South Africa amangoiti plunger ndipo ku Britain cafetière. Ndi jagi yokhala ndi sefa yachitsulo yokankhira pansi. Ngakhale ili ndi dzina la France, amene adailembetsa umwini mu 1929 anali Mtaliyana, Attilio Calimani.

Pali kanthu kamodzi ka masamu komwe kamafotokoza chifukwa chomwe khofi wonyika amafuna ufa wochulukirapo. Galamu iliyonse ya ufa imamwa n'kusunga pafupifupi magalamu awiri a madzi. Mu khofi wodontheza, madzi otsalira m'masese ndi omaliza aja, opanda mphamvu, ndiye simunataye kanthu. Mu khofi wonyika, madzi otsalira m'masese ali ndi mphamvu yofanana ndi ya m'kapu mwanu, ndiye gawo lina la khofi wabwino limapita kudzala. N'chifukwa chake podontheza magalamu 60 a ufa pa lita imodzi ya madzi amakwanira, pomwe ponyika ambiri amakweza kufika magalamu 65 kapena 70. Mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, choncho kasikelo ka kukhitchini kamayeza ziwiri zonse. Supuni imanama: khofi wokazinga kwambiri ndi wopepuka kuposa wokazinga pang'ono, ndiye supuni yomweyo lero ikupatsani magalamu asanu, mawa asanu ndi awiri.

Kusankha pakati pa njira ziwirizi kumadalira kwambiri chigayo chomwe muli nacho. Tizigayo tamagetsi tokhala ndi mpeni wozungulira sitipera, timangodukula. Timatulutsa zibenthu ndi fumbi pamodzi, ndipo ufa wotere mu V60 ndi mavuto okhaokha. Chigayo chabwino chimakhala ndi mano awiri achitsulo kapena a seramiki, njere n'kumaphwanyika pakati pake mpaka zitachepa mofanana, ndipo mpata wa manowo umasinthika. Chamanja chopukusa chimagwira ntchito bwino lomwe, ngakhale magetsi atazima. Ndalama ikakhala yokwanira chinthu chimodzi, ipite kumeneku.

Nanga amene alibe chigayo? Ku Ethiopia, kwawo kwa khofi wa mtundu wa arabica, ambiri amasinja mumtondo mpaka lero. Inunso mukhoza, bola kamtondoko kakhale kake ka khofi yekha, chifukwa khofi amatenga fungo la adyo ndi tsabola msanga. Sinjani, sefani, zokhakhala zotsala musinjenso, kenako nyikani, musadontheze. Chimodzimodzinso amene amagula paketi yopera kale. Kaperedwe kake adakusankhirani kufakitale, ndipo podontheza kaperedwe ndiye chiongolero chachikulu, ndiye mwalandidwa. Ponyika mukadali ndi chiongolero china, chomwe ndi nthawi: wawawasa, onjezerani mphindi, wawawa, chepetsani. Pa chifukwa ichi, woyamba kumene ndimamulangiza kunyika. Kudontheza kubwere chigayo chikapezeka.

Tsopano za kutentha kwa madzi. Malangizo ofala amati madzi akhale pakati pa madigiri 90 ndi 96, ndipo ambiri amawonjezera kuti ketulo ikawira muidikire mphindi imodzi. Malangizo amenewa amayenera anthu okhala m'munsi, pafupi ndi nyanja yamchere, komwe madzi amawira pa madigiri 100. Mukakwera mamita 300 alionse, madzi amawira motsika ndi pafupifupi digiri imodzi. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndiye madzi amawira cha pa madigiri 96 kapena 97. Ku Mzuzu ndi ku Lusaka ndi cha pa 96, ku Dedza cha pa 95, ku Johannesburg cha pa 94. M'malo amenewa madzi owira ali kale pamuyeso, ndipo mukawadikira n'kuwathira mujagi yozizira amagwa pansi pa 90, khofi n'kutuluka wowawasa. Phulani ketulo, thirani pomwepo. Kudikira kusiyireni a ku Nsanje, a ku Chikwawa ndi a ku London, komanso aliyense amene khofi wake ndi wokazinga mpaka kuda n'kutuluka mafuta, chifukwa wotereyu amasungunuka mosavuta ndipo madzi a madigiri 85 mpaka 90 amamukwanira.

Madziwo akhale oti mungawamwe okha osakwinya nkhope. A pampopi onunkha klorini aikeni mujagi yosavundikira agone usiku, kapena adutsitseni m'sefa ya makala. A pamjigo okhala ndi laimu wambiri, aja osiya zoyera m'ketulo, amapha kuwawasa kokoma kwa khofi n'kumusiya wozizira mkamwa. Mukawiritsa pambaula vundikirani, utsi umalowa m'madzi.

Podontheza kapu imodzi yaikulu, tengani magalamu 15 a ufa woperedwa mwapakatikati, kukula kwake kofanana ndi shuga wabulauni, ndi magalamu 250 a madzi. Yambani mwatsuka pepala ndi madzi otentha kuti fungo la pepala lichoke ndi chipangizo chifunde, madziwo n'kutaya. Ikani ufa, ugwedezeni ufanane, thirani magalamu 40 okha a madzi, ndipo onetsetsani kuti palibe pouma. Mudzaona ufa ukutupa n'kutulutsa thovu. Umenewo ndi mpweya wa carbon dioxide womwe udatsekeredwa m'njere pokazinga, ndipo ukamatuluka umakankha madzi kuti asalowe mu ufa, ndiye upatseni masekondi 30 mpaka 45 uthe. Kenako thirani otsalawo kawiri kapena katatu, mozungulira, pang'onopang'ono, osalunjika papepala, chifukwa madzi othiridwa papepala amatsetsereka m'mbali osakhudza khofi. Zonse zithe cha pa mphindi zitatu. Yang'anani masese pomaliza. Akakhala athyathyathya madzi ayenda bwino, akakhala ndi dzenje mbali imodzi kapena matope pamwamba, mwadziwa pomwe palakwika.

Ponyika, magalamu 33 kapena 35 pa theka la lita ndi poyambira pabwino. Chizolowezi chakale chimati ufa wa French press ukhale wokhakhala kwambiri, koma nthawi zambiri zimenezi zimabala khofi wosakolera. Wokhakhalirapo pang'ono kuposa wodontheza ndi wokwanira. Thirani madzi onse, dikirani mphindi zinayi, takasani pamwamba kuti chikhungu chimire, yengulani thovu ndi tizibenthu toyandama, kenako musiyeni mphindi zina zisanu. Nthawi imeneyi tifumbi tikukhazikika pansi, ndipo khofiyo ndi wotentha kwambiri moti simukanamumwa kale. Sefa musaikankhe mpaka pansi, chifukwa imavundula zomwe zakhazikika. Itsitseni pang'ono pansi pa madzi n'kutsanula mofatsa, timadzi tomaliza musiye. Wopanda French press achite zomwezi m'poto kapena mufulasiki ya kamwa lalikulu, n'kutsanulira m'sefa ya tiyi yoyalidwa kansalu koyera ka thonje. Nsalu si umphawi. Ku Costa Rica ndi m'malo ena akale omwera khofi ku Japan amasefa ndi nsalu mwakufuna kwawo. Ingoitsukani ndi madzi otentha okha, sopo ayi, ndipo muziiwiritsa nthawi ndi nthawi.

Khofi mmodzimodzi, madzi amodzimodzi, koma makapu awiriwa salawika mofanana, ndipo chochititsa chachikulu ndi sefa. Pepala limagwira mafuta a khofi ndi tifumbi, ndiye khofi amatuluka woyera, wopepuka, fungo lililonse likumveka palokha. Sefa yachitsulo imazilola kudutsa, ndiye khofi amakhala wolemera mkamwa, woyenerana ndi mkaka, koma tifungo tosaoneka bwino tija timabisika. M'mafuta amenewo muli zinthu ziwiri, cafestol ndi kahweol, zomwe zimakweza mafuta a m'magazi otchedwa cholesterol kwa omwa khofi wosasefa ndi pepala wambiri tsiku ndi tsiku. Amene adokotala adamuchenjeza za mafutawa sayenera kusiya kunyika, angodutsitsa khofi wakeyo papepala asanamwe.

Zipangizo zina zidapangidwira zomwezo, kunyika kenako kusefa ndi pepala. Clever Dripper ya ku Taiwan ndi fanulo yokhala ndi chotsekera kunsi, chomwe chimatseguka mukaiika pakapu. AeroPress, yomwe Alan Adler wa ku America adatulutsa mu 2005, ili ngati jekeseni wamkulu wapulasitiki: mumanyika mphindi imodzi kapena ziwiri n'kukankha khofi kudutsa pakapepala. Sisweka, ndiye ndi yabwino paulendo. Khofi wopangidwa ndi madzi ozizira naye ndi wonyika, kungoti popanda kutentha pamafunika maola 12 kapena kuposerapo, ndipo m'nyengo ya dzuwa ya Okutobala ndi bwino anyikidwire mufiriji.

Zonsezi zilibe phindu ngati khofiyo ndi wakale. Apa a ku Malawi ali ndi mwayi womwe ambiri saugwiritsa ntchito, popeza m'nyumba zambiri khofi ndi uja wa m'chitini wongosungunula, wina wosakaniza ndi mizu ya chomera chotchedwa chicory. Khofi adafika m'dziko muno kudzera kumishoni ya Blantyre mu 1878, kuchokera ku Edinburgh ku Scotland, ndipo lero arabica amalimidwa ku Misuku ku Chitipa, ku Phoka ku Rumphi, ku Viphya ndi m'mapiri a Nkhata Bay, komwe alimi ang'onoang'ono amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee, komanso m'maesiteti a ku Thyolo monga Satemwa. Pogula funani njere zosapera, ndipo papaketi yang'anani tsiku lomwe adakazinga ngati lalembedwa. Tsiku lothera ntchito silinena zambiri, popeza khofi saola msanga, amangosukuluka. Njere zimakoma kuyambira patapita masiku angapo chikazingireni mpaka milungu ingapo, pomwe ufa umayamba kutaya fungo ukangoperedwa. Mukathira madzi oyamba aja ufa n'kungokhala duu osatupa, mpweya udatha kale, ndipo fungo lambiri lidapita nawo. Sungani m'chitini chotseka bwino, kutali ndi moto, dzuwa, usipa ndi palafini.

Pokonza kukoma, lilime ndiye muyeso, koma muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Wowawasa, wosakhalitsa mkamwa: perani mosalalirapo, kapena onjezerani kutentha, kapena nthawi. Wowawa, woumitsa lilime: bwererani mbuyo pa zomwezo. Wokoma koma wamadzimadzi: kaperedwe musakakhudze, onjezerani ufa. Wowawa ndi kuwawasa pamodzi podontheza: vuto ndi tinjira ta madzi kapena chigayo, ndipo kuti mutsimikize, nyikani ufa womwewo mumve ngati kukoma kwabwerera. Musaweruze akadali wotentha kwambiri, popeza kutsekemera ndi kuwawasa kumamveka bwino akazizirako, ndipo lawani kamodzi musanathire shuga ndi mkaka.

Pali kuwawa kwina komwe kusintha chigayo sikungakuchotse. Mafuta a khofi amamatirira pa sefa yachitsulo ya French press, pakati pa timbale take titatu, ndi m'kati mwa fulasiki, n'kuvunda. Masulani sefayo kamodzi pa sabata, tsukani chidutswa chilichonse pachokha ndi madzi otentha ndi soda pang'ono, muchinunkhize chikauma. Chikamanunkhabe khofi wakale, chinyikeni usiku wonse m'madzi a sodawo n'kuchitsukanso.